Ndere za M'dziwe ndi Ulendo wa ku Mars

Phunziro kwa ophunzira athu ndi alimi amene anaphunzira nafe

Mu 1964, pamene Zambia inkakonzekera kulandira ufulu wodzilamulira, mphunzitsi wina wa sayansi, a Edward Mukuka Nkoloso, analengeza kuti dziko lino lidzatumiza anthu kumwezi ndiponso ku Mars, America ndi Soviet Union asanafikeko. Anasonkhanitsa achinyamata pa famu ina yosiyidwa, makilomita pafupifupi 11 kuchokera mumzinda wa Lusaka, n'kumawalowetsa m'migolo ndi kuwakunkhunizira kumtsetse kuti matupi awo azolowere ulendowo. Anapempha mapaundi 7 miliyoni ku bungwe la UNESCO, koma ndalamazo sizinabwere, ndipo chombo sichinanyamuke. Olemba nyuzipepala a kunja anaiseka kwambiri migoloyo.

Komabe tiyerekeze kuti chombocho chinanyamukadi, chitatenga mtsikana mmodzi ndi amphaka awiri monga mmene a Nkoloso anakonzera. Kodi pofika mwezi wachitatu wa ulendo akanapuma chiyani, nanga akanadya chiyani? Funso limeneli opanga maroketi sangaliyankhe paokha, pakuti ndi funso la ulimi. Mayiko olemera akhala akulifufuza kwa zaka zoposa 60, ndipo chimodzi mwa zinthu zimene akhala akuikapo chiyembekezo ndi ndere, zomwe zija zimabiriwiritsa madzi m'maiwe athu a nsomba ndi kutereretsa miyala ya pamtsinje.

M'phunziro lino tiona zimene ofufuzawo anapeza, kenako tibwera nazo padziwe lathu kuno ku Kasisi. Mfundo yake ndi imodzi: ndere zimasunga moyo pokhapokha pamene pali muyeso pakati pa zimene timathira ndi zimene zamoyo zingathe kugwiritsa ntchito. Mlimi wosadziwa muyeso umenewu angathe kutaya m'mawa umodzi nsomba zimene waziweta miyezi isanu ndi umodzi.

Katundu wa paulendo

Akatswiri a bungwe la NASA ku America anawerengera kuti munthu wamkulu mmodzi amagwiritsa ntchito pafupifupi makilogalamu 0.84 a mpweya wa okosijeni pa tsiku, ndipo amatulutsa pafupifupi kilogalamu imodzi ya mpweya wa carbon dioxide. Amafunanso chakudya chimene chikaumitsidwa chimalemera pafupifupi magalamu 600. Ulendo wopita ku Mars umatenga miyezi 6 mpaka 9, ndipo kupita, kukhalako ndi kubwerera kungatenge masiku pafupifupi 1,000. Tiyeni tiwerengere anthu anayi. Okosijeni yekha akwana makilogalamu 3,360, kulemera kofanana ndi matumba 67 a chimanga a makilogalamu 50. Chakudya chouma ndi matumba enanso 48, tisanaikepo madzi, matanki ndi zokutiramo. Panjira palibe msika kapena chigayo, ndipo chilichonse chimene chatayidwa kunja chapita mpaka kalekale.

Madzulo ena kukakhala kopanda mitambo, mungaone chinthu chowala ngati nyenyezi chikudutsa mwakachetechete kuthambo, chosaphethira ngati ndege zotera pabwalo la Kenneth Kaunda. Nthawi zina chimenecho ndi International Space Station, chombo chimene chimauluka makilomita pafupifupi 400 pamwamba pathu ndi kuzungulira dziko lonse m'mphindi pafupifupi 90. Anthu akhala akukhalamo mosinthanasinthana, osadukiza, kuyambira mu November 2000. Okosijeni wawo amachokera ku makina amene amagawa madzi pogwiritsa ntchito magetsi a dzuwa. Mu 2023 NASA inalengeza kuti makina a m'chombomo afika pobweza 98 peresenti ya madzi, kuphatikizapo a mumkodzo ndi thukuta. Koma chakudya chimatumizidwabe kuchokera pansi pano, chifukwa makina amenewo sangasandutse mpweya woipa kukhala chakudya. Ntchito imeneyo ndi ya zomera zobiriwira.

Ntchito ya chobiriwira

Mu 1771 Joseph Priestley, m'busa wa ku England amene ankakonda kufufuza za mpweya, anaona kuti kandulo yovundikiridwa ndi mtsuko wagalasi imazima, ndipo mbewa yotsekeredwamo imafa. Koma akaikamo nthambi yobiriwira n'kudikira masiku angapo, mpweya uja unkakonzeka, moti kandulo inkayakanso. Mu 1779 dokotala wa ku Netherlands, Jan Ingenhousz, anapeza chinthu china chimene mlimi wa nsomba aliyense ayenera kuchiloweza pamtima: chomera chimakonza mpweya pokhapokha pali kuwala, ndipo mumdima chimauwononga monga mmene nyama imachitira.

Lero tikudziwa zimene zimachitika. Chomera chimatenga carbon dioxide ndi madzi, n'kuziphatikiza ndi mphamvu ya kuwala kupanga shuga, ndipo okosijeni amatuluka ngati chotsalira. Usiku ntchito imeneyi imaima, koma kupuma sikuima. Chomera chimapuma okosijeni usana ndi usiku womwe.

Ndere zimagwira ntchito yomweyi. Zina ndi zazitali ngati tsitsi, zina ndi timbulu tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tongosintha mtundu wa madzi. Pafupifupi theka la okosijeni amene amapangidwa padziko lapansi chaka ndi chaka amachokera ku tindere totere ta m'nyanja. Ofufuza za m'mlengalenga anazikonda pa zifukwa zomveka. Chimanga chimatha miyezi inayi chikumanga mizu, phesi ndi masamba, pamene ife timangofuna njere. Kandere kalibe phesi kapena muzu; thupi lake lonse limagwira ntchito, ndipo pakakhala kuwala, kutentha ndi chakudya chokwanira, ndere zingachuluke kuwirikiza kawiri pa tsiku limodzi kapena awiri. Chakudya chake ndi nayitirojeni ndi fosifolasi, zimene zimapezeka zambiri mumkodzo ndi m'ndowe.

Buku la Genesis limatiuza kuti zomera zinalengedwa pa tsiku lachitatu, nsomba ndi mbalame pa tsiku lachisanu, nyama ndi munthu pa tsiku lachisanu ndi chimodzi. Mlengi anayamba wakonza chakudya ndi mpweya, odya ndi opuma n'kubwera pambuyo. Dongosolo limeneli ndi lomwe timaphunzitsa padziwe latsopano: madzi ayambe abiriwira, mbewu ya nsomba ibwere pambuyo pake.

Amene anadzitsekera m'zipinda

A ku Soviet Union ndiwo anatsogola. Mu August 1960 chombo chimene chinanyamula agalu awiri, Belka ndi Strelka, chinatenganso mabotolo a ndere zotchedwa chlorella. Kenako ku Krasnoyarsk, m'chigawo cha Siberia, anayamba kumanga zipinda zotsekedwa kotheratu, zosalowa kapena kutuluka mpweya, ndipo munthu ankakhalamo akupuma mpweya wokonzedwa ndi chlorella. Anapeza kuti ndere zoyalidwa pa malo a masikweya mita pafupifupi 8, zowalitsidwa ndi nyale zamphamvu, zimakwanira kukonza mpweya wa munthu mmodzi. Nyumba yawo yaikulu, BIOS-3, inatha kumangidwa mu 1972, ndipo kuyambira kumapeto kwa chaka chimenecho mpaka mu 1973 anthu atatu ankakhalamo m'kuyesa kumene kunatenga masiku 180.

Mpweya unkakonzeka bwino, koma panabuka vuto la chakudya. Khungu la chlorella ndi lolimba, ndipo mimba ya munthu imalephera kugaya ndere zimenezi zikachuluka. Ndiponso kuti munthu mmodzi apeze okosijeni wa tsiku limodzi, pamafunika kukula ndere zimene zikauma zimalemera pafupifupi theka la kilogalamu, mlingo umene palibe angaudye tsiku ndi tsiku. Zosadyedwazo zinkangounjikana, zitatsekera m'kati mwake chakudya chimene chinayenera kubwerera kwa munthu. Motero ofufuzawo anapereka malo ambiri kwa tirigu, masamba ndi mbewu ya mafuta yotchedwa chufa, yomwe ndi m'bale wake wa dawe amene timalimbana naye m'minda yathu.

Phunziro lowawa kwambiri linachokera ku Arizona m'dziko la America. Pa 26 September 1991 anthu asanu ndi atatu anadzitsekera kwa zaka ziwiri m'nyumba yaikulu yagalasi yotchedwa Biosphere 2, ya mahekitala 1.27, pafupifupi malima asanu. M'katimo munali nkhalango, kanyanja, dambo ndi munda. Omanga anafuna kuti mbewu zikule bwino, choncho anaikamo dothi lodzaza ndi manyowa ambiri. Patatha miyezi 16, okosijeni anatsika kuchoka pa 20.9 peresenti, mlingo wa mpweya umene tonse timapuma, kufika pafupifupi pa 14 peresenti. Anthu aja ankatopa msanga ndi kubanika kutulo, mpaka mu January 1993 anachita kupoperamo okosijeni kuchokera kunja. Ofufuza anapeza kuti tizilombo ta m'nthaka, pooletsa manyowa aja, tinkapuma okosijeni wochuluka kuposa amene zomera zinkabweza, ndipo carbon dioxide amene tinkatulutsa ankamwedwa ndi konkire ya nyumbayo. Pamunda wa pamtetete kompositi sangabanikitse munthu, chifukwa mphepo imabweretsa mpweya wina. Koma pamalo otsekedwa, manyowa opitirira muyeso amalanda mpweya wa zamoyo zina.

A ku Ulaya anaphunzirapo kanthu. Mu 1989 bungwe lawo la zamlengalenga, ESA, linayambitsa ntchito yotchedwa MELiSSA, yotsanzira mmene nyanja imadzikonzera yokha. Anaigawa m'zipinda zisanu. M'zipinda ziwiri zoyamba tizilombo timaoletsa zinyalala ndi zonyansa za anthu. M'chipinda chachitatu mabakiteriya ena amasandutsa amoniya wa mumkodzo kukhala chakudya chimene zomera zingathe kumwa. M'chachinayi muli mbewu zamasamba pamodzi ndi ndere zotchedwa spirulina, ndipo m'chachisanu muli anthu. Ku yunivesite ina ya ku Barcelona ku Spain, kumene anamanga malo oyeserera, makoswe akhala kwa milungu ingapo akupuma mpweya wochokera m'thanki ya spirulina, kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsa kuwala kwa nyale molingana ndi okosijeni amene makoswewo akufuna. Mu December 2017 kathanki kakang'ono ka spirulina kanatumizidwa ku International Space Station, ndipo nderezo zinakula ndi kutulutsa okosijeni komweko.

Wophunzira wa pano azindikira zipinda zimenezi mosavuta. Zoyambirira zija ndi dzenje la kompositi, chachitatu ndi tizilombo ta m'nthaka yamoyo, chachinayi ndi dziwe ndi dimba, ndipo chachisanu ndi banja la mlimi ndi ziweto zake.

Ndiwo za amayi a ku Chad

Spirulina amene akuyesedwa m'mlengalenga, Africa inamudziwa kale. Kumpoto chakum'mawa kwa nyanja ya Chad kuli maiwe a madzi a soda, onga a chidulo, mmene ndere zimenezi zimamera zokha. Amayi a mtundu wa Kanembu amazitunga ndi zotengera, n'kuzithira m'timaenje ta pamchenga kuti madzi aphwe. Zikauma padzuwa amazidula timapande timene amatitcha dihé, totsira m'ndiwo zodyera mapira ndi mchewere. Katswiri wa zomera wa ku Belgium, Jean Léonard, anapeza timapande timeneti pamsika m'dzikomo cha m'ma 1964, ndipo kuchokera pamenepo ofufuza a mayiko ena anayamba kuchita nazo chidwi. Ndere zomwezi ndi chakudya cha mbalame za flamingo pa nyanja ya Bogoria ku Kenya.

Spirulina wouma ali ndi mapuloteni, amene ndi chakudya chomanga thupi, okwana 55 mpaka 70 peresenti, pamene soya ali ndi pafupifupi 36 mpaka 40, nyemba zoposa 20 pang'ono, ndipo chimanga pafupifupi 9. Alinso ndi ayironi, ndipo khungu lake ndi lofewa, logayika mosavuta kusiyana ndi la chlorella. Kuno kwathu anayesedwa kale. Kafukufuku wina wa m'chigawo cha Luapula, amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2019, anatsatira makanda pafupifupi 500, ena akumwa phala la chimanga ndi soya, ena phala lomwelo lothira spirulina. Pa msinkhu ndi kulemera magulu awiriwa sanasiyane kwenikweni, koma mwa ana a phala la spirulina munali ambiri amene anayamba kuyenda okha msanga.

Tsono tisathamange. Nthawi ndi nthawi alimi amamva kuti spirulina ndi mankhwala a matenda onse ndiponso njira yolemerera msanga. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Spirulina ndi chakudya chowonjezera, chodyedwa magalamu ochepa pa tsiku, ndipo salowa m'malo mwa nsima, ndiwo kapena mankhwala a kuchipatala. Vitamini B12 wambiri amene amapezekamo ndi wa mtundu umene thupi la munthu siligwiritsa ntchito, mfundo imene abale athu osadya nyama ayenera kuidziwa bwino. Kumulima kumafuna mbewu yodalirika, madzi oyera osakanizidwa ndi soda mpaka afike pa 9 kapena 11 pa sikelo ya pH, kutakasa kawirikawiri, ndi kutentha kwa madigiri 30 mpaka 35. M'miyezi ya June ndi July, pamene usiku kuno kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10, sangakule popanda nyumba ya pulasitiki. Pamafunikanso maikulosikopu ndi munthu wodziwa kuona ngati m'thankimo simunalowe ndere za mtundu wina. Banja limene likufuna mapuloteni chaka chino liyambe ndi soya, mtedza, nyemba, khobwe, masamba a chamwamba, mazira ndi nsomba za m'dziwe lake.

Maiwe a mumzinda ndi madzi a Ngwerere

Sitifunika kupita ku Barcelona kuti tione ndere zikusandutsa zonyansa kukhala zothandiza. Ku Kaunda Square ndi ku Ngwerere kuli maiwe akuluakulu oyeretsera madzi a m'zimbudzi za mzinda wa Lusaka. M'maiwe otere mabakiteriya amaoletsa zonyansa, n'kutulutsa carbon dioxide, nayitirojeni ndi fosifolasi. Ndere zimadya zimenezi n'kutulutsa okosijeni, amene mabakiteriya aja amapuma kuti apitirize ntchito, ndipo dzuwa limathandiza kupha tizilombo toyambitsa matenda. Awiriwa amadyetsana, popanda injini yopopera mpweya.

Zimenezi zikutikhudza mwachindunji. Mtsinje wa Ngwerere umachokera mumzinda, n'kudutsa kuno ku Kasisi usanakathire mu Chongwe, ndipo madzi ochokera mumzinda amafika atanyamula kale chakudya cha zomera. Mlimi amene amadzaza dziwe lake ndi madzi otere asathire manyowa potengera mnzake amene amatunga pachitsime. Ayambe wayeza madzi ake.

Dziwe lanu usana ndi usiku

Nsomba za bream, abale ake a chambo, zimene timaweta m'maiwe athu, zimadya ndere ndiponso tizilombo tating'ono timene timadya nderezo. N'chifukwa chake timati manyowa sitithirira nsomba, timathirira madzi. Dziwe la madzi oyera mbee ndi munda wosabzala.

Koma dziwe ndi malo otsekedwa kuposa mmene limaonekera. Lita imodzi ya mpweya ili ndi okosijeni wochuluka kuwirikiza pafupifupi ka 30 poyerekeza ndi lita imodzi ya madzi. Madzi a madigiri 20 amasunga pafupifupi mamiligalamu 9 a okosijeni pa lita, a madigiri 30 pafupifupi 7.5, ndipo kuno kumtunda, mamita oposa 1,100 pamwamba pa nyanja yamchere, mlingowo umatsikanso. Nsomba zimakula bwino madzi akakhala ndi mamiligalamu 5 kapena kuposa. Masana ndere zimadzaza dziwe ndi okosijeni. Dzuwa likalowa zimaleka, ndipo nsomba, ndere ndi mabakiteriya ooletsa manyowa zimayamba kulimbirana mpweya womwewo. Umatsika usiku wonse, n'kufika pansi penipeni m'bandakucha. Dziwe la manyowa ochuluka limachita usiku umodzi zimene Biosphere 2 inachita m'miyezi 16.

Muyeso wake uli pamkono panu. Pisani mkono m'madzi pang'onopang'ono, chikhatho chitayang'ana kumwamba. Ngati madzi afika pachigongono chikhatho chikuonekabe bwinobwino, ndere n'zochepa ndipo mungawonjezere manyowa. Ngati chikhatho chazimiririka madzi atatsala pang'ono kufika pachigongono, pa masentimita 30 mpaka 40, dziwe lili bwino. Ngati chazimiririka madzi asanafike ngakhale pakati pa mkono, lekani manyowa mpaka madzi atapepukako. Yezani m'mawa dzuwa litakwera, mutafulatira dzuwalo, ndipo onetsetsani kuti chophimba chikhathocho ndi kubiriwira. Madzi ofiirira ndi dothi, ndipo dothi limangotchinga kuwala.

Manyowa musamwaze dziwe lonse. Aikeni m'thumba lobooleka kapena m'kakhola ka nsungwi pakona, kuti azisungunuka pang'onopang'ono, ndiponso kuti muthe kuwachotsa vuto likabuka. Zitosi za nkhuku ndi zamphamvu kuposa ndowe za ng'ombe, choncho zimafunika zochepa. Kuthira pang'ono mlungu uliwonse kumaposa kuthira mulu kamodzi.

Nyengo yoopsa ndi October ndi November, pamene madzi atentha, dziwe laphwa, ndipo nsomba zakula. Oopsanso ndi masiku a mitambo otsatizana opanda mphepo, chifukwa ndere zimalephera kupanga okosijeni wokwanira usiku wonse. Mvula yoyamba ingakokolere ndowe za m'khola m'dziwe, choncho kumbani ngalande yopatutsa madzi. Ndipo mukaona madzi obiriwira asanduka ofiirira kapena otuwa mwadzidzidzi, dziwani kuti ndere zafa ndipo zayamba kuola.

Pitani padziwe dzuwa lisanatuluke. Nsomba zochepa zikamayasamula pamwamba pa madzi, koma n'kumira mukawomba m'manja, ndi chenjezo. Zikakhala zambiri, zosathawa, ndipo zikupitirizabe dzuwa litatuluka, musadikire. Tulutsani thumba la manyowa, musadyetse nsomba tsiku limenelo, lowetsani madzi atsopano mowagwetsa kuchokera pamwamba kuti azithovoka, ndipo menyani pamwamba pa madzi ndi nsungwi. Musavundule matope a pansi, chifukwa nawonso amadya okosijeni. Vutoli likabwerezabwereza, nsomba zachuluka kuposa mpweya wa dziwelo, ndipo zina zifunika kuvuula.

Ndere zakupha

M'miyezi ya May ndi June 2020, njovu zoposa 300 zinafa pafupi ndi Seronga, kumpoto kwa Botswana, zambiri mwa izo pafupi ndi zithaphwi. Mu September chaka chomwecho boma la dzikolo linalengeza kuti zinafa ndi poizoni wa ndere zobiriwira mwa buluu. Ndere zimenezi ndi za gulu limodzi ndi spirulina, koma zina mwa izo zimatulutsa poizoni wowononga chiwindi kapena mitsempha. Zimachuluka m'madzi osayenda, otentha, odzaza ndi chakudya cha zomera. M'chaka cha chilala, monga 2024 pamene boma lathu linalengeza pa 29 February kuti dziko lili pangozi, ziweto za mudzi wonse zimakakamizika kumwa pa chithaphwi chimodzi chotere.

Zizindikiro zake ndi izi. Pamwamba pa madzi pamayandama zinthu zonga penti wotayika, zimene mphepo imaziunjika kumbali imodzi, ndipo nthawi zambiri pamanunkha. Mukapisamo ndodo, ndere za ulusi zimanyamuka ngati tsitsi lonyowa, ndipo zimenezo kawirikawiri sizikhala ndi poizoni. Zokayikitsa zija zimangopaka ndodo ngati penti. Mukatunga madziwo m'botolo n'kulisiya pozizira usiku wonse osaligwedeza, ndere wamba zimatsikira pansi, pamene zokayikitsa zimasonkhana pamwamba. Kuyesa kumeneku kumangochenjeza, sikutsimikiza kuti madzi ndi abwino. Mukakayikira, tchingani malowo kuti ng'ombe, mbuzi, agalu ndi ana asafikepo, ndipo dziwitsani alangizi a zansomba kapena a zaziweto. Kuwiritsa madzi sikuthetsa poizoni wowononga chiwindi uja. Munthu asayerekeze kutunga zobiriwira za padamu n'kuziyanika poganiza kuti wapeza spirulina.

Famu yosataya kanthu

Sukulu ya ulimi ya Kasisi inayamba mu 1974, ndipo m'zaka za m'ma 1990 inatembenukira ku ulimi wodalira manyowa, kompositi ndi kasinthasintha wa mbewu m'malo mwa feteleza ndi mankhwala ogula. Maziko a ulimi umenewu ndi omwe aja ofufuza a MELiSSA akuwamanga ndi mapaipi ndi makompyuta: chotuluka m'chipinda chimodzi chikhale chakudya cha chipinda chotsatira. Zitosi za nkhuku zibiriwiritse dziwe, ndere zidyetse nsomba, madzi a m'dziwe athirire dimba, matope a pansi pa dziwe apite m'mabedi mukavuula nsomba, ndipo masamba otsala m'dimba abwerere kwa nsomba ndi nkhuku. Chilichonse chimene chatuluka pa famu, kaya ndi thumba la chimanga logulitsidwa, mapesi otenthedwa kapena dothi lokokoloka, chatenga chonde chimene chiyenera kubwezedwa. Yesu atadyetsa anthu 5,000 ndi mikate isanu ndi nsomba ziwiri, analamulabe kuti makombo atoledwe. Amene anali ndi mphamvu yochulukitsa chakudya sanalole kutaya, nanga ife amene tinangopatsidwa munda kuti tiusamalire?

Ntchito yochita

Tengani mabotolo awiri oonekera m'kati, muikemo madzi a m'dziwe ndi ndere za ulusi zofanana kuchuluka. Limodzi liikeni padzuwa, lina mulikute ndi nsalu yakuda. Pakatha maola awiri onani kumene kuli timathovu tambiri pa ndere, ndipo lembani chifukwa chake.

Kwa masiku 14 yezani dziwe lanu ndi mkono pa nthawi yofanana tsiku lililonse. Lembani m'kope masentimita amene chikhatho chazimiririka, mtundu wa madzi, ngati kunali dzuwa kapena mitambo, manyowa amene munathira, ndi zimene nsomba zinkachita m'bandakucha.

Jambulani famu yanu papepala, ndipo lembani mivi yosonyeza kumene ndowe, mapesi, phulusa, madzi otsukira ndi zotsala za m'khitchini zimapita. Zungulizani muvi uliwonse umene ukutuluka kunja osabwerera.

Mafunso okambirana m'magulu

1. N'chifukwa chiyani nsomba zimabanika m'bandakucha, osati masana pamene kukutentha kwambiri?
2. Kodi chinatsitsa okosijeni mu Biosphere 2 n'chiyani, ndipo chofanana nacho padziwe n'chiyani?
3. N'chifukwa chiyani ofufuza a ku Krasnoyarsk anawonjezera tirigu ndi masamba ngakhale kuti chlorella inkakonza bwino mpweya?
4. Mnansi wanu wapeza zobiriwira zonga penti padamu limene ng'ombe za mudzi zimamwapo. Mungamulangize zotani, ndipo ayambe ndi chiti?

Ophunzira abwere ndi makope awo m'kalasi. Alimi amene muli kumidzi, kambiranani zimene mwapeza m'magulu anu a maphunziro, ndipo mutitumizire zotsatira za kuyeza kwa masiku 14 kuja kuti tiyerekeze maiwe a madzi a mumtsinje ndi a madzi a m'chitsime nyengo yotentha isanafike.